Mayi Odi ndi Madzi a Pansi pa Ofesi

Kuntchito kwathu aliyense ankadziwa kuti Mayi Odi amaodira madzi, osati anthu. Akafika m'mawa ankatidutsa tonse ngati mipando, n'kukaima pakhomo la chipinda cha mafaelo.

"Odi, eni malo! Mwadzuka bwanji pansipo?"

Ankatero akuyang'ana mng'alu wa pasimenti, pomwe madzi ankatuluka pang'onopang'ono chaka chonse. Akatha m'pamene ankatembenuka n'kutipatsa moni ife alendo.

Nyumba ya ofesi yathuyi anamanga ndi atsamunda. Makoma ake ndi ochindikala ngati a ndende, ndipo chipinda chilichonse chili ndi powothera moto, kuno kumene munthu amatuluka thukuta akusamba. Mayi Odi ankati eni akewo ananyamula nyumba yakwawo koma anaiwala chisanu chake padoko. M'machumuni mwake mumagona mileme.

Kale malowa anali dambo, ndipo pakati pake panali kasupe amene amayi awo a Mayi Odi ankatungapo. Omangawo anasamutsa mudzi, anakwirira kasupeyo ndi miyala, n'kudzala bulugamu kuti amwe madzi onse. Bulugamu anamwadi. Bango linatha, mbalame zinasamuka, ndipo pa mitengo yakale panangotsala mkuyu umodzi kuseri kwa nyumba. Kasupe yekha ndiye anakana kufa.

Mayi Odi anali wosesa. Tsiku lawo lopuma pantchito tinawatsanzika bwinobwino, koma m'mawa mwake anabweranso ndi chidebe chawo. Ankakolopa madzi aja, kufinyira m'chidebe, n'kukathira pamkuyu.

"Amayi, kodi si paja munapuma?" anafunsa bwana wathu.

"Ine ndinapuma, bwana. Awa ndi amene simunawapumitse."

Tsiku lina mtsikana wathu wa pakompyuta anakuwa ngati waona njoka, chikhalirecho wapeza chule m'kabati.

"Usamuopseze, mwanawe," anatero Mayi Odi. "Agogo ake anabadwira pompano. Iwe unachita kubwera pabasi."

Mafaelo atayamba kuchita nkhungu, bwana anaitana mmisiri kuti atseke mng'alu uja. Mmisiriyo anali mwana wa mchimwene wawo wa Mayi Odi. Polowa ndi wilibala ya simenti, anawapeza atavundikira chidebe pamng'alupo, iwo atakhala pamwamba, manja ali pamawondo.

"Azakhali, tadzukani, simenti ikuuma."

"Iume. Iwe ndinkakusambitsa ndi madzi omwewa, zipere zili mbuu mutu wonse. Lero ufuna kuwatseka pakamwa?"

"Azakhali, pali anthu pano."

"Amve! Ndinenenso za mphasa imene unkanyowetsa?"

Mmisiri anatuluka chamtseri. Simenti inaumira muwilibala, ndipo mpaka lero ili pakhonde, alendo amakhalapo. Bwana anangoti tikweze mafaelo pamwamba.

Madzulo ake ndinawapeza Mayi Odi pamkuyu paja, asakuseka.

"Akatseka, uwu umwa chiyani?" anandifunsa. "Amayi ankandikhazika apa akamatunga. Pa mudzi wathu wonse chatsala ndi chimenechi basi."

Mayi Odi anamwalira m'chilimwe, atangodwala pang'ono. Madzi anadzaza chipinda chija n'kuyamba kuyenda m'khonde. Aliyense ankawalumpha akunena kuti pakufunika wina akolope. Mkuyu unayamba kuyoyola masamba.

Ndinatenga chidebe chija. M'pamene ndinadziwa kuti atsamunda sanaike chitseko mbali imeneyo. Mtengo uli kuseri kwa khoma lomwelo, koma kuti ukafikeko umadutsa khonde lonse, kutsika masitepe, n'kuzungulira nyumba. Pofika masana msana unali utagwira moto. Zaka zonsezo tinkaseka odi wawo, koma panalibe amene anawalandirako chidebe.

Mmisiri uja anandipeza ndikupuma pamasitepe. Anayang'ana chidebecho, anayang'ana khoma. M'mawa mwake anabwera ndi nyundo ndi kapaipi. Anaboola m'munsi mwa khoma, ndipo dzuwa lisanafike pamutu madzi anali akuyenda okha kupita kumkuyu.

"Inali ntchito yochepa chonchi," anatero akupukuta m'maso ndi mkono wa malaya. "Azakhali sanandiuze, inenso sindinafunse."

Mkuyu waphukanso, ndipo mbalame ziwiri zitatu zayamba kubwera. Pansi ndi pouma, mafaelo sanunkhanso. Koma m'mawa m'khonde mumakhala zii, simumvekanso kulira kwa chogwirira cha chidebe. Dzana ndinalawirira kuntchito, ndipo ndinaona bwana ataima pakhomo la chipinda chija, makiyi ali m'manja. Anayang'ana uku ndi uku, osandiona, n'kutsokomola pang'ono.

"Odi," anatero chapansipansi, asanalowe.