Sheleni ya NyaKumwenda

Amene akukayika atuluke msanga, pampando wakepo pakhale wina. Ine ndikunena pano kuti kuyambira ku Chiweta mpaka pa Boma sikunabadwe munthu wodziwa ndalama zakale zasiliva ngati ine, ndipo sindiziyeza ndi maso ayi, ndimazilawa ndi lilime. Mukumva?

Luso limeneli ndinalitola ku Khondowe, kumene bambo anga ankaphikira mzungu wina wosunga masheleni m'chitini cha mabisiketi. Mzunguyo ndiye anatiuza kuti ndalama amaidinda ndi chidindo chachitsulo, ndipo chidindocho chikang'aluka, ndalama iliyonse yotuluka pamenepo imabadwa ndi kamzere kotumba ngati mtsempha, pomwe mzere wa mpeni umalowa pansi ngati ngalande. Iyeyo ankasaka timizere timeneti ndi galasi tsiku lonse. Ine ndinkangonyambita. Ndalama zinali kale, abale! Sheleni ukaigwetsa pamwala ku Khondowe, kulira kwake kunkatsika phiri lonse, kukhota makona onse aja, asodzi kunyanja n'kuvula zipewa poyesa belu la tchalitchi. Osati zalerozi, zolira ngati chitsekero cha botolo.

Matipate atangobwera, kunayamba kufika anthu a ku Mzuzu ogula ndalama zakale. Wina anandiyesa ndi masheleni odzaza chipewa, ine n'kumaika palilime imodziimodzi, n'kumamuuza kuti iyi mng'alu wake wachoka pakhutu la mfumu kutsikira m'khosi, iyi inadindidwa Lolemba chidindo chisanatenthe, iyi woidinda anali atayambana ndi mkazi wake m'mawa umenewo, iyi inagona miyezi isanu yomangidwa pamchombo wa khanda la ku Bolero limene lero ndi dalaivala. Munthu uja anaponya galasi lake m'thumba, n'kugwada kundipempha kuti ndimugulitse lilime.

Koma ntchito yaikulu ya lilimeli inali ya NyaKumwenda, mnzanga wa paubwana, mkazi wa aphunzitsi a Mhango, woimba kwaya ku Khondowe. Pomufunsira, a Mhango anamupatsa chikole cha sheleni ya mng'alu wochoka pamphuno ya mfumu mpaka m'mphepete. Ndiye tsiku lina msodzi wina wa ku Chiweta, wamtali, wa mano oyera bwino, ndisaname analidi mwamuna, atakhuta mowa anayamba kuonetsa anthu sheleni ya mzere, amvekere anamupatsa ndi mayi wina woimba kwaya kuphiri. Nkhaniyi ndinaikweza phiri ndine, wapansi, osapuma, osadziwa kuti ndasenzera mnzanga moto.

A Mhango anatsegula sutikesi ya mkazi wawo, sheleni mulibe. Mayi akuti inatayika. Msodzi mowa utamuchoka akuti yakeyo n'ya agogo ake, mzerewo anakanda yekha ndi mpeni. Maso a a Mhango anali atayamba ng'ala, choncho akulu a mpingo anaika sheleni pambale, n'kuitana ine. Ikapezeka kuti n'yomweyo, NyaKumwenda adulidwa mumpingo, ukwati watha, abwerera kwawo ndi imvi kumutu.

"Mama," anatero mkulu wa mpingo, "tamva kuti lilime lanu silinama. Mzerewu ndi wa chidindo kapena wa mpeni?"

"Yewo, adada, patseni kuno."

Nditangoiika palilime, mtsempha uja ndi uwu, wotumba, kuchoka pamphuno mpaka m'mphepete, mpeni sunapitepo n'komwe; pamwamba pake fungo la usipa, pansi pa usipa sopo wa NyaKumwenda, pansi pa sopo kansalu kabuluu kamene ankaikulungamo, pansi pa kansalu thukuta la a Mhango la tsiku lofunsira, atavala tayi yobwereka. Ndinayang'ana mnzanga. Anali atazyolika, akuyang'ana mapazi ake, mapazi omwe aja tinkathamanga nawo kukatunga madzi tisanamere mabere.

Ndinameza. Mukumva? Gwidi!

"Pepani chomene, adada, yatsetsereka."

Anandimwetsa mafuta a nsatsi, anandidyetsa mapapaya dengu lathunthu, alongo a a Mhango anandilondera masiku atatu mosinthanasinthana ngati ndine nkhuku yofuna kuikira patchire, koma sheleni inakana, inapeza malo abwino n'kukhazikika. Mlandu unafera pomwepo. NyaKumwenda anaimbabe kwaya kutsogolo, ndipo a Mhango pomwalira, amene anawatseka maso ndi iyeyo.

Ena amati bwanji sindinangonama kuti ndi mpeni. Ndimadzidziwa ine. Pakamwa panga nkhani sigona tsiku. Ndikanailavula sheleni ija, mawu akanatuluka nayo limodzi.

Ndipo musaganize kuti anandithokoza. Mpaka lero tikakumana pamsika, NyaKumwenda amandigwira pamimba, n'kunong'ona kuti, "Iwe, ukamafa undiuze msanga. Chikole changa ndikuchifuna."