Gasi wa Yohane ndi Ngolo Yanga

Lolemba
Wonena ndine, akulemba ndi mayi a Yohane. Mwana wathu Yohane wabwera kuchokera kumigodi ndi makina owotcherera zitsulo, watsegula shopu ku boma. Si owotcherera ndi ndodo ngati aja a Nyirenda wokonza njinga, ayi. Awa ndi a waya, ndi botolo la gasi londifika pachifuwa! Chitsulo chokokera ngolo yanga chathyoka. Mtedza uli kumunda, chiswe chayamba. Ndiwotcherera ndekha, Loweruka mtedza ulowa m'nkhokwe.

Lachiwiri
Phunziro. Yohane akuti: pala dzimbiri, tseka chitseko, tsegula gasi, vala chigoba kumaso, kanikiza batani, waya utuluka wokha. Gasiyo amaphimba chitsulo chosungunuka kuti mpweya usalowe. Zosavuta. Ine ndinkasula makasu iye asanabadwe.

Lachitatu
M'shopu mulibe wondiona. Yohane wapita kumsika, ine ndakokera makina panja. Anthu adzaza! Ndazula paipi kuti aliyense amve gasi akuwomba pachikhatho, ena kawiri. Chigoba ndavula, nanga anthu adziwa bwanji kuti ndine? Mphepo ikuwomba, mbaliwali zikuuluka, amayi akululuta. Chitsulo chalumikizana. Nyirenda wangoima chapatali, nsanje.

Lachinayi
Maso! Ngati mwathiridwa mchenga. Akuti ndi kuwala kwa dzulo kuja, poti chigoba ndinavula. Ndagona ndi nsanza yonyowa kumaso. Yohane akuti pamene ndawotcherera pali zibowo zokhazokha ngati chulu. "Adada, mphepo inauluza gasi yense. Chitseko chija sitimatsekera manyazi." Mayi a Yohane, lembani kuti zibowozo ndi zazing'ono.

Lachisanu
Diso limodzi latseguka. Yohane akufuna kupala zonse ayambirenso. Watsegula botolo, zii! Gasi anathera m'zikhatho za anthu. Gasi wina ali ku Chipata, mwina sabata yamawa. Mwana sakundilankhula. Palibe kanthu, ntchito yanga igwira. Chitsulo ndimachidziwa.

Loweruka
Matumba m'ngolo, ng'ombe m'goli, ine pamwamba ndi jekete. Tafika pokwera kuchokera kumtsinje, thyo! Ng'ombe zapitiriza ulendo kunka kwawo. Ngolo yabwerera chafutambuyo mpaka m'madzi, ine ndili momwemo. Nyirenda akudutsa pa njinga: "Monire, a injiniya! Gasi ali bwanji?" Wamangirira chitsulo changa pakaliyala, wapita nacho.

Lamulungu
Mtedza tauyanika pabwalo, wonyowa koma ulipo. Wabwera pamitu ya azilamu anga, ndipo aliyense wafunsa za maso anga mokweza. Chitsulo chabwerako, Nyirenda wachiwotcherera ndi ndodo zake zakale, panja pomwe, pamphepo. Chagwira. Yohane akuti gasi akabwera ndiphunziranso, koma ntchito yanga yoyamba idzakhala kutseka chitseko. Ndavomera. Zilembo za lero zikakhala zokhota, si ine. Mayi a Yohane akuseka.