Nambala ya pa Kabuleta ya Bambo

Nsidze zanga zinameranso, tithokoze Mulungu, koma ya kumanzere inamera mokhota, moti mpaka lero ndimaoneka ngati munthu wokayikira chilichonse chimene akuuzidwa. Anthu akandifunsa ndimati ndi ukalamba. Lero ndiulule: inandiwaula ndi galimoto ya malemu bambo anga, ndipo wolakwa ndinali ine.

Galimotoyo ndi kapikapu kakale kobiriwira kamene bambo ankanyamulira kachewere kupita naye ku Lizulu ife tili ana. Iwo atatisiya, kanangokhala pansi pa mtengo wa mapichesi kumudzi kwathu, kumtunda kwa Ntcheu boma, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira pampando. Chaka chimene tinagwirizana zomanga chiliza, achimwene anga aakulu anati ogula zitsulo zakutha akhala akuzungulira, tingowapatsa. Mayi anangoyang'ana pansi n'kumakonza mpango umene unali wokonzeka kale. Zinandipweteka kwambiri. Ndinadzuka (ndinali nditangopuma kumene pa uphunzitsi, nthawi ndili nayo yambiri, nzeru ndikuziyesa zambiri kuposa nthawiyo) n'kulonjeza kuti tsiku lovundukula chiliza, mayi adzapita kumanda atakwera galimoto ya amuna awo.

"Chabwino," anatero achimwene. "Koma ikakanika kulira, ikupita pa sikelo."

Ndinakatenga a Ngozo, makaniko wa pa boma amene anakalambira kunsi kwa magalimoto akale. Anaigwiragwira masiku angapo, kenako anati injini ikadali moyo, vuto ndi kabuleta, kachipangizo kaja kosakaniza petulo ndi mpweya.

"Aphunzitsi, zamkatimu zaola. Pafunika magasiketi ndi majeti ena. Koma makabuletawa amangofanana kunja, m'mimba ndi osiyana. Muimasule, mubwere nayo ku galaja ndidzawerenge nambala yake."

Adzawerenge! Mawu amenewo anandilasa. Ine munthu wophunzitsa masamu moyo wanga wonse, ndikwere kabaza mpaka ku boma kukapempha munthu kuti andiwerengere nambala? Ndinavomera ndi pakamwa pokha.

M'mawa mwake ndinaimasula ndekha. Inali bii ndi mafuta a zaka zambiri. Pa kabawuti kena panalendewera kachitsulo kopyapyala konga chala cha mwana, kakuda, kopindika, kosaoneka ntchito yake. Kanandicheka chala, ndiye ndinakathothola n'kukaponya uko. Nditapukuta pamwamba ndi sanza, nambala inatulukira poyera, yozama bwino, yosafuna n'magalasi omwe: 47193. Manambalawo anali okhotakhota pang'ono, koma ndinati azungu akale nawonso manja ankanjenjemera.

Tsopano tamverani mmene munthu wophunzira amadzipusitsira. Ndinakhala pansi ndi kope n'kuyamba kumasulira. Folo, ndinati, ndiye kuti masilinda anayi. Ndinathamanga kukawerenga pa injini, ndipo analidi anayi! Basi, kuyambira pamenepo panalibenso wondibweza. Sevente wani chinakhala chaka chimene inapangidwa, nainte fili kukula kwa jeti. Lamulungu pambuyo pa mapemphero ndinafotokozera madoda anzanga zonsezi, ndikujambula pansi ndi kamtengo, iwo akugwedeza mitu. Wina anachita kunena kuti boma linafulumira kundipumitsa.

M'masitolo a zipangizo pa boma nambalayo sanaidziwe. (Ndinkadutsa njira ya kuseri kwa msika kuti a Ngozo asandione.) Mwenye wake wa sitolo ina, pepani, mwini wake, anatsegula buku lalikulu, natsetsereka ndi chala mpaka kumapeto, n'kundifunsa ngati sindinakopere nambala ya foni. Ndinatuluka nditakwiya, ndikudandaula kuti amalonda a masiku ano sadziwa katundu wawo.

Ndinakwera minibasi ya ku Lizulu, kumalire kuja. Kumeneko, kupyola milu ya kabichi ndi tomato, ndinapeza bambo wina atayala zitsulo pa chiguduli, bolopeni ili kukhutu. Anayang'ana pepala langa kamodzi kokha.

"Aaa, bwana, iyi? Iyi ndi ya kutsidya iyi, ya Chipwitikizi. Kuno simungaipeze olo mutalira. Mubwere msika wa mawa, ndikakutengerani."

Mtima wanga unakhala pansi. Pomaliza ndapeza katswiri mnzanga! Tsiku la msika analidi nako kajumbo ka timagasiketi ndi timajeti, nambala yanga italembedwa pa kapepala mkati mwake. Inki yake inali yofanana ndi ya bolopeni ya kukhutu ija. Ndinaona, musaganize kuti sindinaone, koma munthu ukafuna kukhulupirira maso amakhala aulemu.

Kunyumba zinthuzo zinakana kulowa. Gasiketi ndinaidula ndi lumo, jeti ndinaikakamiza ndi pulayala, mabowo osakumana ndinawakumaniza ndi msomali. Nditabwezera kabuleta pa injini, ndinaitana mayi a kunyumba kwanga kuti akhale pa chiwongolero.

"Bambo, bwanji osadikira a Ngozo?"

"Inu ingopotokolani kiyi ndikanena."

Ndinathira petulo pang'ono kukhosi kwa kabuleta monga ndinkaonera bambo akuchitira, kenako (apa ndiye sindinaonere aliyense) ndinaweramira pomwepo kuti ndione mmene masamu anga akugwirira ntchito.

"Tiyeni!"

Phuu! Lawi linatuluka ngati lakhala likundidikira zaka zonsezo. Nkhuku zinabalalika, mayi a kunyumba anatulukira khomo la mbali ina akufuula dzina la Yesu, ine ndili chagada m'fumbi ndikununkha ngati mbuzi yowaula. Motowo tinauzimitsa ndi thumba lonyowa. Kunali kutatsala sabata ziwiri kuti tivundukule chiliza.

Madzulo a tsikulo ndinakhala pakhonde pa mayi, nkhope ili phuliphuli ndi mafuta odzola, ndikumwa tiyi m'kapu yachitsulo yakalekale. Ndinali ndi mantha enieni tsopano, poganiza kuti ndawalonjeza mayi chinthu pamaso pa abale onse ndipo ndachiwotcha ndi manja anga. Ndinatulutsa pepala lija n'kumadziwerengera motsitsa.

"Folo, seveni, wani..."

"Naini, fili," anamaliza mayi, osadzutsa n'komwe mutu pa nyemba zimene ankasankha.

Ndinawayang'ana. Mayi anga sukulu sanapiteko.

"Amayi, mwaidziwa bwanji?"

"Tatembenuzani kapu mukumwerayo."

Ndinatembenuza, tiyi ndi tiyi yemwe pa thalauza. Kunsi kwa kapu, yokhomedwa ndi msomali, yokhotakhota chimodzimodzi: 47193.

"Imeneyo ndi nambala ya bambo anu ya kumgodi ku Joni," anatero. "Kumeneko sankawaitana dzina, ankawaitana imeneyo. Atabwerako anaikhoma paliponse. Pa njinga ilipo, pa nkhwangwa ilipo, pa simbi yositira ilipo. Galimoto ikamapita ku galaja ankakhoma pa chilichonse chomasuka, kuopa kuti angawasinthire ndi chakutha. Ine kuwerenga sindidziwa, koma iyi ndinkaiona pa kalata iliyonse yochokera kumeneko. Ndikaiona ndinkadziwa kuti munthu ali moyo." Anapeta nyemba zawo kawiri, n'kuwonjezera: "Ndiye inu aphunzitsi mwakhala mukufunafuna amuna anga m'masitolo?"

Ndinaiyang'ananso nambalayo. Kapu imeneyo ndamwera kuyambira ndili mwana, ndipo sindinayambe ndaisuzumira kunsi.

Kutacha ndinapita kwa a Ngozo, kudzera njira ya kutsogolo, kabuleta ili m'jumbo. Anayamba ayang'ana pamene panali nsidze zanga, nayang'ana gasiketi yodula ndi lumo, ndipo anati zimene ndinagulazo ndi za injini yopopera madzi kudimba. Sanaseke, ndipo ndimawalemekeza mpaka lero chifukwa cha zimenezo.

"Nanga kachitsulo kanali pa bawuti apa kali kuti?"

"Kati?"

"Kopyapyala. Nambala ya fakitale imakhala pamenepo. Popanda iko tingolota."

Pabwalo panali patasesedwa kangapo chitayireni kachitsuloko, ndipo zinyalala zonse kwathu zimathera kudzala. Choncho mphunzitsi wopuma, wopanda nsidze, anakhala masiku awiri m'dzala akusefa phulusa ndi makoko a kachewere pa sefa wa ufa wa akazi ake. Odutsa ankapereka moni mwaulemu kwambiri, uku akufulumiza mapazi. Madoda aja ndinawaphunzitsa kutchalitchi anabwera kudzaima chapatali, ndipo ndinamva wina akuti mwina boma linachedwa kundipumitsa. Tsiku lachiwiri dzuwa litapendeka, kanthu kanalira pa sefa. Ndinakapsompsona, phulusa ndi phulusa lomwe.

A Ngozo anakaviika m'petulo, nakapukuta ndi chala chachikulu mofatsa, ndipo timanambala ting'onoting'ono tinaoneka. Anawerenga kamodzi, nalowa kuseri kwa galaja, n'kubwera ndi chitini cha dzimbiri. Zonse zimene ndinazifuna mpaka kumalire a dziko zinali mmenemo, anazichotsa m'galimoto ina yonga yathuyi kalekale.

Tsiku la chiliza galimoto inalira atapotokola kiyi kachitatu. A Ngozo anagwira chiwongolero (ine anandiletsa ngakhale kukhudza boneti), mayi anakhala kutsogolo atavala chitenje chatsopano, ife tonse kumbuyo. Inayenda bwinobwino kudutsa mudzi wonse, anthu akutuluka m'nyumba, amayi akululutira. Pa kachitunda kofikira kumanda inatsokomola kawiri n'kuzima.

Tonse tinatsika. Ndinayang'ana achimwene, kudikira mawu a sikelo aja. Iwo anapita pa windo.

"Amayi, tsikani, patsala pafupi. Tingoyenda."

"Sinditsika," anatero mayi. "Pa chitunda chino imazima kuyambira kale. Bambo anu ankakhala pa chiwongolero, wokankha ndinali ine, mwana kumsana, mwanayo ndinu. Lero ndakhala. Kankhani."

Achimwene anavula jekete, nalipinda bwino, n'kuika phewa pa galimoto pambali panga. Titafika pamwamba a Ngozo anaigwetsa m'giya, inalira, ndipo mayi analowa kumanda injini ikuguguda, ife tikuthamangira m'mbuyo ndi utsi kumaso.

Za sikelo sizinatchulidwenso. Ine ndinalumbira kuti chinthu chimene sindichidziwa ndizifunsa kaye eni ake, ndipo lumbirolo ndinalisunga mwezi wathunthu. Panopa ndamasula sitata yolizira injini ya galimoto ija, ili pa mphasa m'chipinda chochezera, ndipo a Ngozo sakudziwa. Mayi akabwera amaiyang'ana, amandiyang'ana kumaso, kenako amauza mpongozi wawo kuti asendeze ndowa ya madzi pafupi.