Khirisimasi Imene Apongozi Anga Anakhuta

Pali nkhani imene anzanga amaikonda macheza akafika pokoma, ndipo akaiyamba nanenso ndimaseka nawo. Koma kuseka kwanga kumathera pakhosi. Ndi nkhani ya Khirisimasi yanga yoyamba m'banja, pamene ndinapita kukaona apongozi n'kubwerako nditawalanda chakudya pakamwa. Lero ndiifotokoze ndekha, chifukwa anzangawo amadumpha pamene pamawawa.

Ine kwathu ndi ku Dedza, kumapiri. Ananditumiza kukaphunzitsa pa Ngabu m'zaka zija nkhondo ya ku Mozambiki itafika povuta, ndipo n'kumene ndinakumana ndi Luwiza. Iye anakulira kwa azakhali ake pa Ngabu pomwepo, Chichewa chake chosalala kuposa changa, motero Chisena, chilankhulo cha kwawo, sindinavutike n'kuchiphunzira. (Ndinkati ndidzaphunzira kukayamba kuzizira. Amene anakhalako kuchigwa akudziwa kuti limeneli ndi tsiku losafika.) Mayi ake anali tsidya lina la malire. Njira zinali zitatsekeka, ndipo ukwati wathu sanauone, sanaumve n'komwe.

Chaka chikupita kumapeto tinamva kuti mayi akewo athawa nkhondo, afika ku Marka, kumalire kumunsi kwa Nsanje, ndi tidzukulu tiwiri tatikazi. Bambo wa anawo, mchimwene wake wa Luwiza, akuti anatsala m'njira, ndipo palibe anafunsa kuti anatsala bwanji. Luwiza analira, n'kuyamba kumanga katundu, koma anali ndi pathupi, masiku atayandikira, ndipo anamwino anamukaniza ulendo. Zinagwera ine.

Luwiza analongedza m'dengu mpunga, shuga, mchere ndi chitenje chatsopano.

"Mukawauze kuti ndili moyo," anatero akumanga dengulo. "Ndipo chonde, bambo, akadye mpunga pa Khirisimasi. Iwowo ndi anawo. China chilichonse chilephereke, koma chimenechi ayi."

Ndinavomera ngati mwamuna weniweni, koma chifukwa choopera ndinali nacho. Ndinali nditatenga mwana wa eni iwo osadziwa, mkamwini wa mtundu wina, wosadziwa ngakhale moni wawo. Ndipo kwathu munthu wamkulu akafuna kukukana sakuuza pamaso. Amakana chakudya chako, mwaulemu, akumwetulira.

Kutatsala tsiku limodzi kuti Khirisimasi ifike ndinakwera basi ya ku Nsanje, khadi la chipani lili m'thumba la malaya popeza popanda ilo ngakhale pakhomo la basi sunkafikapo. Pa boma ndinafikira kwa Zuze, mnzanga wa kukoleji, Msena wa komweko. Anandibwereka njinga, n'kundithandiza kusankha mwendo wa mbuzi pamsika.

"Ndikanakuperekeza, achimwene, koma kwaya ikundidikira, nyimbo za mawa sizinapse," anatero Zuze. "Ukakwanitsa wekha?"

"Kupereka mphatso kumafunanso womasulira?" ndinamuyankha choncho, ine mphunzitsi wa ana a anthu.

Ndinafika ku Marka dzuwa lili paliwombo, malaya atamatirira kumsana. Nditafunsafunsa ndinawapeza apongoziwo m'kachisakasa ka udzu kuseri kwa nyumba ya wachibale wawo wina, eni nyumbayo atapita kudimba. Anali mayi wamtali, woonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera. Ankasenda nyika, timizu takuda ta m'dambo timene anthu a kuchigwa amadya njala ikafika posauzana. Tiana tiwiri tija tinali titakhala pambali pawo, osasewera, osalira.

Ndinanjuta chapatali n'kunena kuti ndine mwamuna wa Luwiza. Zina zonse sanamve, koma dzinalo analimva, ndipo zoti ndine mkamwini anazitola. Anagwira pachifuwa, misozi n'kutsika yokha. Kenako anayala mkeka pakati pathu, iwo n'kukhala kumapeto atayang'ana kumbali, monga amachitira mpongozi ndi mkamwini. Mpaka apa zonse zinali bwino.

Ndinamasula dengu, n'kuika mpunga pamkeka. Anaomba m'manja.

"Takhuta," anatero.

Ndinachita ngati sindinamve. Ndinayang'ana nyika zija m'lichero, ndinayang'ana nthiti za ana. Akhuta chiyani?

"Ndi mpunga, mayi. Wa mawa, wa Khirisimasi."

"Takhuta, mwananga. Takhuta."

Zimene ndinkaopa zija ndi zimenezi. Ndipo poti wamkulu sakakamizidwa chakudya, ndinatenga mpunga uja mwaulemu wonse, ndi manja awiri, n'kuubwezera m'dengu. Ndinati mwina mpunga adya kwa wachibale, ndiyese nyama. Ndinatulutsa mwendo wa mbuzi. Kamwana kakang'ono kanaimirira.

"Takhuta pikulu!" anatero apongozi, akuomba m'manja kwambiri.

"Pikulu" sindinkamudziwa, koma "kulu" ndinamumva. Ndiye kuti akhuta kwakukulu. Nyama inabwerera m'dengu, kamwana kaja kakuiperekeza ndi maso. Shuga chimodzimodzi. Mchere chimodzimodzi. (Mchere, abale! Ndani anakhutapo mchere?) Ndinaona kuti kuomba m'manja kwawo kukunka kuchepa mphamvu, ndipo mawu akutuluka ngati funso, koma ndinati ndi manyazi a munthu amene akukana mlendo.

Chomaliza chinali chitenje. Ndinachitambasula kuti aone maluwa ake. Anachiyang'ana nthawi yaitali, anayang'ana dengu, kenako ananena motsitsa kwambiri, ngati munthu woponda pamene akukayika:

"Takhuta."

Apa munthu wanzeru akanaima n'kudzifunsa kuti kodi nsalu amadya ndani. Ine ayi. Ndinati basi, nkhani si chakudya, chimene akhuta mayiwa ndine. Ndinapinda chitenje chija, ndinamanga dengu pakaliyala, n'kunena kuti tsalani bwino. Uthenga wa Luwiza uja, woti ali moyo, ngakhale kuyesa ndi manja sindinayese. Nditapalasa pang'ono ndinacheuka. Anali ataimirira, dzanja pachipumi, akundiyang'ana. Ndinati akufuna atsimikize kuti ndapitadi.

Njira yonse ndinkakonza mawu okamuuza Luwiza, ndipo ndisaname, ndinkadzimvera chisoni kwambiri. Ndinafika kwa Zuze dzuwa likulowa. Mkazi wake, a Anastaziya, anali pakhonde akupeta.

"Alamu, landirani izi," ndinatero ndikutula dengu. "Kumene ndinapitako akuti akhuta."

Sanamvetse bwino, anangoona mphatso. Anaomba m'manja. "Iii, takhuta, alamu! Takhuta pikulu!" Atatero anasenza dengu lija kulowera nalo kukhitchini.

"Nanga mukupita nalo kuti, poti nanunso mwakhuta?"

Anaima pakhomo. Zuze, amene ankapukuta nsapato zake za kutchalitchi, anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Achimwene, tanena bwinobwino. Mayi aja anati chiyani?"

Ndinafotokoza zonse, mokwiya ndithu, mpaka za chitenje.

"Takhuta ndiye zikomo wathu," anatero Zuze. "Munthu akakupatsa kanthu umati takhuta."

Ndinakhala pansi pomwepo, padothi. (Mawuwa ndinkawamva ndithu pamsika wa pa Ngabu, n'kumadabwa kuti anthu a kuno amakhuta msanga bwanji.) Zuze anayamba kuseka, koma kusekako kunaduka pakati.

"Ndiye kuti mayi athokoza, iwe n'kubweza? Athokozanso, iwe n'kubwezanso? Ana akuona?"

A Anastaziya anatula dengu pansi n'kugwira pakamwa. Ine ndinalumphira njinga, koma Zuze anagwira chiwongolero. Anati msewu wa kumalire sayendamo kukada, masiku amenewo mfuti zinkamveka tsidya linalo. Alamu anafutsa nyama ija kuti isaonongeke ndi kutentha. Anatipatsa chakudya chamadzulo, koma ine ndinangochikankhira pambali.

M'mawa wa Khirisimasi Zuze anaisiya kwaya yake, chinthu chimene sanachitepo, n'kundikweza pakaliyala dengu lili pamiyendo. Njira yonse sanandinyoze ngakhale kamodzi. Ndikanakonda akanandinyoza.

Apongozi tinawapeza atakhala panja, atayang'ana kumsewu. Mphika unali wotsuka, nkhuni zili pamafuwa zosayatsa, madzi otunga kale. Ana anali atasambitsidwa. Zuze anagwada n'kuyamba kulankhula nawo m'Chisena, akundiloza, ine nditazolika. Choyamba ndinamuuza anene za Luwiza, kuti ali moyo ndipo akuyembekezera. Apongozi analira, kenako anayankha motalika.

"Akuti chiyani?" ndinanong'ona.

"Akuti utachoka ana analira kwambiri. Ndiye anawauza kuti anthu a kumapiri mwambo wawo ndi wotero: amayamba adzaonetsa zinthu, kenako amabwera nazo pa tsiku lake lenileni."

"Iwowo anakhulupirira zimenezo?"

Zuze anawafunsa. Anayankha mawu ochepa, maso ali pa mphika.

"Akuti ana anagona."

Sindinalirepo pamaso pa anthu chikulire, koma tsiku limenelo ndinalira, pa mkeka wa apongozi, mwambo wonse nditauiwala. Mayi amene ndinawachita chipongwe chotere anakhala usiku wonse akunditeteza kwa adzukulu awo.

Ndinatulutsanso zinthu zija chimodzichimodzi. Mpunga anaulandira ndi manja awiri, n'kuuika kumbuyo kwawo, osanena kanthu. Nyama chimodzimodzi. Pofika pa shuga kamwana kakang'ono kanaomba m'manja n'kutsegula pakamwa, koma agogo ake anakatseka ndi chikhatho msangamsanga. Zuze anaseka mpaka kugwa chagada. Anawafotokozera bwinobwino kuti vuto linali makutu anga, iwo anagwedeza mutu, anamwetulira, koma chikhatho sanachichotse mpaka dengu litatha.

Mpunga unadyedwa tsiku limenelo, ndipo ana anadya mpaka kugona pamkeka manja osasamba. Nditabwerera ku Ngabu ndinamuuza Luwiza kuti mayi adya mpunga. Zinazo anazimva kwa a Anastaziya patapita nthawi, ndipo anakhala masiku angapo akundiyang'ana ngati munthu wachilendo.

Pambuyo pake apongozi anabwera kudzakhala nafe pa Ngabu. Analera ana athu onse, anaphunzira Chichewa chokwanira kundikalipira ndikachedwa kubwera, ndipo ndikadwala ankakhala pakhomo la chipinda mpaka nditadya. Ankathokoza aliyense: woyandikana naye nyumba, wogulitsa nsomba, mwana wowapatsa madzi. Koma ine ndikawapatsa kanthu, kaya sopo, kaya nsapato, ankalandira ndi manja awiri, n'kuwerama pang'ono, duu.

Luwiza anawafunsapo tsiku lina ine ndikumva. Anayankha akuseka kuti, "Mwamuna wako ndi munthu wabwino. Koma sindifuna kumuyesanso."

Chisena ndinachiphunzira, ndi khama la munthu wolapa, mpaka kumalota nacho. Chaka chilichonse pa Khirisimasi ndinkawagulira mpunga ndi chitenje, n'kukawapatsa ndekha, n'kuchedwa dala pamkekapo makutu ali tcheru. Anamwalira atakalamba, m'nyumba mwanga, dzanja lawo lili m'dzanja langa. Ndinadikira mpaka pamenepo, koma sananene.