Mamilimita Asanu ndi Atatu

Lolemba

Marimu atsopano a galimoto yanga afika. Anayi, otuwa, ali m'makatoni pabalaza pano ku Al Aziziya, mumzinda wa Doha, ndipo ndikuwayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene munthu wa zaka makumi anayi ayenera kuyang'anira zitsulo.

Ndilembe cholinga momveka, kuti mawa ndisadzinamize. Loweruka lino bwalo la mipikisano ya magalimoto, kumpoto kwa mzinda, likulola anthu wamba kuyendetsapo magalimoto awo, ndipo dzina langa lili m'gulu loyamba la m'mawa. Malo amenewa ndawadikira chilimwe chonse. Nyengo yozizira ikadutsa, mwayi wina ndi chaka chamawa. Kagalimoto kanga n'kakang'ono, sindikutsutsa. Mfundo yanga ndi yakuti galimoto imaoneka luso lake pokhota, ndipo pokhota chofunika ndi kutambalala kwa matayala ndi kutalikirana kwake.

Zofunika:
marimu otambalala, anayi. Afika.
matayala otambalala, anayi. Afika atadikiridwa masabata atatu.
masipesa a mamilimita 15, mbale zachitsulo zokankhira tayala kunja. Mawa.
chipewa choteteza mutu. Chilipo.
ulemu wa anzanga a ku ofesi. Palibe.

Mmodzi wa iwo wati: "Kabokosi ka machesi kakuvala nsapato za bambo ake." Aseka onse. Ine ndine injiniya wa zomangamanga, ndipo zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuwerengera katundu amene nsanamira za nyumba zosanja zingasenze. Loweruka lidzandiyankhira.

Masamu ali motere. Pakati pa tayala latsopano la kumbuyo ndi mlomo wa madigadi padzakhala mpata wa mamilimita 38. Pokhota mwamphamvu galimoto idzatsika 30. Otsala ndi 8. Ndawerenga katatu, m'njira ziwiri zosiyana. Asanu ndi atatu.

Lachiwiri

Masipesa afika, ndipo ndi olakwika. Bowo lapakati lakula ndi mamilimita awiri kuposa kamphuno ka galimoto pamene sipesa imakhala. Wina anganene kuti n'zochepa. Koma chitsulo chimene sichinakhale pakati penipeni chimagwedezeka, chogwedezeka chimamasula nati, ndipo nati yomasuka pa liwiro la pa bwalo imabwezera munthu kumudzi ali kunsi kwa ndege, pamodzi ndi masutikesi.

Nditaweruka ndapita ku Sanaiya, dera la magalaja, kukaonana ndi wogulitsa. Ndamufotokozera kwa mphindi khumi, ndi chojambula chomwe. Wamvetsera akumwa tiyi wake wa karaki. Yankho lake lonse: "Semu semu, habibi. Mafi mushkila." Ndiye kuti n'zofanana, palibe vuto. Ndamuuza kuti 54 ndi 56 si nambala imodzi m'chinenero chilichonse chimene ndikuchidziwa, Chiarabu chomwe. Wati inshallah zikwana. Mulungu ndimamuopa, koma sanalonjeze paliponse kuti adzatseka mpata umene wogulitsa wausiya chifukwa cha ulesi!

Ondipulumutsa ndi a Tembo, makaniko wa ku Chipata amene amagwira ntchito m'galaja yoyandikana. Andisulira timphete tinayi totseka mpatawo. Ndayeza. Takwana bwino lomwe. M'dera lonse lija muli munthu mmodzi wolemekeza milimita.

Lachitatu

Vuto lachiwiri: mabawuti ogwira tayala afupika. Sipesa yadya utali wawo, moti nati ikuzungulira kanayi kokha n'kuima. Pamafunika kasanu ndi kawiri kapena kuposa. Kunena zoona izi ndinazilingalira, koma ndinakhulupirira nambala ya pa intaneti yolembedwa ndi munthu wosadziwika, amene ndikuyembekeza kuti sapatsidwa ntchito yomanga ngakhale khola la nkhuku.

A Tembo achotsa mabawuti onse khumi ndi asanu ndi limodzi, aika aatali. Ntchito ya maola atatu. Ine ndaima pambali ndi kope langa, ndikuwaonetsa masamu a mpata uja. Awerenga mofatsa, apukuta manja, kenako afunsa:

"Ba Injiniya, masamu yanu ni yabwino. Manje munayeza motoka ili na anthu angati?"

Ndayankha kuti mmodzi, wa makilogalamu 74, popeza malamulo a bwalo salola okwera. Aseka mpaka kutsamira bampala.

"Motoka ya Mmalawi, munthu mmodzi? Ku Doha kuno?"

Ndawakumbutsa mwaulemu kuti nthabwala si umboni. Iwo akufuna kupinda mlomo wa madigadi ndi hamala kuti mpata ukule. Ndakana. Galimoto yanga singamenyedwe ndi hamala chifukwa cha maganizo a munthu pamene masamu anena kale zoona.

Lachinayi

Zatheka! Marimu onse anayi ali pa galimoto. Yaima ngati munthu wokonzeka kulimbana, miyendo yotangadza. Ndagwada ndi choyezera: 38 kumanzere, 38 kumanja. Ndayenda nayo ndekha kuchokera ku Sanaiya mpaka kunyumba, ndazungulira raundabauti imodzi kawiri popanda chifukwa. Sipanamveke kukhula kulikonse. Marimu akale ndawasiya m'galaja ya a Tembo, popeza sindikuwafunanso.

Ndatsitsa zolemetsa zonse: makapeti, jeke, tayala lapadera, mabuku. Makilogalamu 21. Mpando wakumbuyo ndinafuna kuuchotsanso, koma sipanala yake ndilibe. Sabata yamawa.

Madzulo kwabwera uthenga wa mawu wochokera kwa azakhali, mlongo wawo wa malemu bambo anga, amene amaphika m'nyumba ina ku Onaiza ndipo amapuma Lachisanu lokha. Lachisanu lililonse ndimawatenga kupita nawo ku Al Mansoura, kumene amayi a kwathu amakumana m'chipinda cha mnzawo. Uthengawo: "Mawa monga mwa masiku onse, mwanangu. Pali tikatundu pang'ono."

Ndalemba yankho lokana, la ndime zitatu: yoyamba ya ulemu, yachiwiri yofotokoza za masipuling'i, yachitatu yopepesa. Ndaliwerenga. Ndi lomveka, lopanda pogwira. Ndalifufuta n'kutumiza kuti: "Chabwino azakhali."

Munthu mmodzi ndi tikatundu. Akhala kutsogolo. Masamu akulola.

Lachisanu

Ndilemba mwadongosolo, chifukwa ndikapanda kutero nditukwana.

Titapemphera masana ndawatenga azakhali ku Onaiza. Ali okha, ndi kachikwama. Mtima pansi. Tafika ku Al Mansoura, ndipo pakhomo pa fulati ndapeza zimene m'chinenero cha azakhali zimatchedwa tikatundu pang'ono:

Mayi Patuma, amene kontirakiti yawo yatha ndipo ndege yawo yopita kumudzi ikunyamuka madzulo ano.
amayi awiri operekeza, chifukwa munthu sachoka m'dziko la eni ngati wakuba.
masutikesi awiri, a makilogalamu 23 iliyonse pa sikelo ya Mayi Patuma, imene ndikuikayikira kwambiri.
katoni ya tende, zipatso zotsekemera za kuno, yokagawira abale.
bulangeti la m'chikwama chake, lalikulu ngati mwana wa ng'ombe.

Ndawatengera azakhali pambali. Ndafotokoza modekha kuti galimoto yasinthidwa, kuti mpata ndi 38, kuti katunduyu autsitsa ndi 35 tisananyamuke n'komwe, ndiponso kuti matakisi alipo. Ati takisi ndi ya anthu opanda abale, ndipo Patuma sangakafike ku Mangochi n'kunena kuti mwana wa achimwene anali ndi galimoto koma iye anakwera ya mlendo. Ndayamba kunena za makilogalamu. Andiyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu.

"Iwe ndinakubereka kumsana zaka ziwiri. Ndinakuyeza pa sikelo?"

Ndatsegula buti.

Hampu yoyamba ili mamita makumi awiri kuchokera pakhomo. Ndaikwera pa liwiro la munthu woyenda ndi ndodo. Phokoso lake: khwee! Mayi Patuma ati galimoto ikulira ngati mbuzi ya pa Idi. Pa hampu yachiwiri kwamveka fungo la labala wopsa. Mmodzi wa operekeza wafunsa ngati ndinagula matayala a kaunjika.

Njira imene ndapeza, monga injiniya, ndi iyi: pa hampu iliyonse amayi atatu akumbuyo atsike, awoloke wapansi, akwerenso. Kuchokera pa fulati kukafika pa msewu waukulu pali mahampu khumi ndi imodzi. Ndawawerenga. Sindikudziwa amene anaona kuti kamsewu kodzaza timalesitilanti, kamene ngakhale njinga singathamangemo, kakufunika mahampu khumi ndi imodzi, koma ndikufuna kuona satifiketi yake. Pa hampu yachisanu anthu anali atatuluka m'mashopu kudzaonerera. Pa yachisanu ndi chitatu amayi anayamba kuimba nyimbo yotsanzikana, akuwoloka mondondozana. Azakhali sanatsike ngakhale kamodzi. Anali kutsogolo, akuwauza kuti afulumire, ndege sidikira.

Pa msewu waukulu ndayenda pa 50, magalimoto akuluakulu oyera akundithwanimira nyali kumbuyo. Paliponse pamene phula lalumikizana, khwee. Tafika ku bwalo la ndege nthawi yabwino. Mayi Patuma alira, andigwira manja onse awiri, andipatsa tende wodzaza dzanja.

Poimika magalimoto ndagwada. Matayala onse akumbuyo ali ndi mzere wozungulira m'mbali, wokumbika bwinobwino ngati wolembedwa ndi kampasi. Lakumanzere likuonetsa ulusi. Ndaimba m'mashopu anayi: saizi imeneyi ndi yoitanitsa. Marimu akale ali m'galaja ya a Tembo, yotseka Lachisanu, yotsegula mawa eyiti koloko. Gulu langa likulowa m'bwalo hafu pasiti seveni.

Loweruka

Ndapitabe, pang'onopang'ono, chipewa chili pa mpando. Munthu amene mfundo yake ndi yolondola ayenera kukaifotokoza.

Woyang'anira magalimoto asanalowe ndi bambo wachete, wa magalasi. Wayamikira timphete ta a Tembo. Wayesa manati, wagwedeza mutu movomereza. Kenako wayendetsa chala pa tayala lakumbuyo, ndipo chalacho chalowa mu mzere uja. Waimirira.

Ndamufotokozera zinthu zitatu. Choyamba, kuti mzerewo sunabwere ndi vuto la kapangidwe koma ndi katundu wosayembekezeka. Chachiwiri, kuti m'bwalo ndikhala ndekha, ndipo ndili ndekha mpata ndi wokwanira, kope nali. Chachitatu, kuti ndadikira chilimwe chonse. Wamvetsera zonse, zimene ndikumuthokoza nazo. Wati kope langa ndi lokongola, koma cholowa m'bwalo ndi tayala, osati kope. "Khalas." Nkhani yatha.

Chondipweteka n'chakuti akunena zoona. Ndikanakhala ine pa mpando wake, ndikanamukaniza munthu wotere mofulumira kuposa pamenepa.

Ndaonerera ndili kuseri kwa waya. M'gulu langa muli kagalimoto kofanana ndendende ndi kanga, mtundu womwewo, chaka chomwecho, pa matayala opyapyala a ku fakitale. Akuyendetsa ndi mayi wina wa imvi. Akukhota matayala akulira, akupitidwa ndi aliyense, ndipo potuluka avula chipewa akuseka ngati mwana. Kazungulira kakhumi ndi kawiri. Ndawerenga, popeza ntchito ina ndinalibe.

Uthenga wa mnzanga wa ku ofesi uja: "Nsapato zakwana?" Ndadya tende wa Mayi Patuma m'galimoto. Ndi wokoma, zimene zikungowonjezera mkwiyo.

Lamulungu

Kuno Lamulungu ndi tsiku loyamba la ntchito. Pa desiki pali masamu a holo ina yosanja oti ndiwavomereze. Wowerengera wasamala zonse, konkire, zitsulo, matailosi, koma wapeputsa kulemera kwa anthu odzalowamo. Ndalemba ndi cholembera chofiira: "Nyumba simangidwira tsiku limene ili yopanda anthu." Ndawerenga chiganizo changacho kawiri. Ndapita kukamwa madzi.

Nditaweruka, a Tembo abwezeretsa marimu akale. Hamala ya Lachitatu ija anaiika pa tebulo pamene ndingaione. Marimu atsopano ali pabalaza. Awiri osanjikiza, ndi thabwa pamwamba, akukwana kuikapo kapu ya tiyi.

Azakhali atumiza uthenga. Mayi Patuma afika bwino, ndipo mudzi wonse wamva kuti mwana wa achimwene amayendetsa mosamala kuposa madalaivala onse a ku Qatar, mpaka kutsitsa anthu pa hampu kuti asapweteke msana. Chifukwa cha mbiri imeneyi, Mayi Hawa, amene akupita kumudzi Lachisanu likudzali, akana galimoto ya mkamwini wawo. Akufuna yanga. Pali tikatundu pang'ono.

Ndatsegula kope pa tsamba la Lolemba. Masamu onse ndi olondola, palibe nambala yoti ndifufute. Ndangowonjezera mzere umodzi pansi pa makilogalamu anga 74: "Azakhali, ndi onse amene azakhali awaitana."

Ndawaimbira a Tembo kufunsa za masipuling'i olimba a kumbuyo. Afunsa ngati ndi a mpikisano. Ndati ayi, andipezere a galimoto yonyamula katundu.