Mawu a Aphungu Adathera ku Nyumba

M'dziko lina lokonda mtendere ndi misonkhano, kuseri kwa dambo limene limadzaza mvula ikangoopseza, kudali mudzi umene udadalitsidwa ndi phungu wosasa mawu.

Sikuti adabadwa choncho ayi. Olemekezeka a Dizimasi Kamphonje, Phungu wa Kuseri kwa Dambo, Mkango wa Amphawi, Wapampando wa Komiti Yoona za Uchembere Wabwino, pa nthawi ya kampeni ankamveka mpaka kumanda popanda chimkuzamawu. Koma chiwasankhire, akabwera kumudzi ankatsika m'galimoto atakulunga mpango m'khosi, akunong'ona.

"Mawu athera ku Nyumba, abale anga," ankatero, dzanja lili pakholingo. "Sabata yonse ndakhala ndikukuwa za chipatala chanu. Mpaka a Sipikala kundichonderera kuti ndipumeko."

Munthu wovulalira pa ntchito yanu mungamufunsenso mafunso? Mudzi udangokhazikitsa mwambo. Aphungu akafika, banja lililonse linkabweretsa mandimu, oweta njuchi n'kumapereka uchi. Mipango yonse ankasoka ndi Ezelina, telala wa pakhonde la golosale, ndipo ankasankha nsalu yofunda kwambiri podziwa kuti chipatala chidzatulukira pa khosi limenelo.

Ezelina ankachifuna chipatalacho kuposa wina aliyense. Mng'ono wake Felesiya adali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Mwana woyamba wa Felesiya adabadwira pa ngolo pakati pa dambo, ulendo wa ku chipatala cha kuboma, ndipo adaikidwa m'manda asadapatsidwe dzina.

Tsono Ezelina adapita kwa mkulu wa zaumoyo kuboma kukafunsa kuti njerwa zibwera liti. Mkuluyo adayankha osadzutsa mutu. "Ife timayendera zolembedwa, mayi. Mutibweretsere tsamba losonyeza kuti mudzi wanu ndi chipatala zidatchulidwa m'Nyumba ya Malamulo. Tikaliona, tiyambapo."

Ezelina adaona kuti ntchito ndi yophweka. Zaka zinayi za kukuwa zikadalephera bwanji kudzaza tsamba? Adachapa thumba la feteleza loti akanyamuliremo mapepala, n'kukwera basi ya kulikulu.

Zonse zoyankhulidwa m'Nyumba zinkalembedwa m'mabuku akuluakulu, ndipo mabukuwo ankasungidwa m'chipinda cha pansi, moyandikana ndi mosungira matsache. Mwini chipindacho adali a Bizeki Matekenya, Mkulu Wosunga Zoyankhulidwa, Zong'ung'udzidwa ndi Zoomberedwa M'manja.

"Mwasochera, mayi," adatero a Matekenya. "Zimbudzi zili kumanzereko."

"Ayi, bambo. Ndabwera kudzawerenga."

A Matekenya adavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso. Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi za ntchito yawo adalandirako makoswe, chiswe ndi wokonza magetsi, koma wowerenga adali asadamuonepo. Adatulutsa buku la alendo, ndipo Ezelina adasaina pa tsamba loyamba, mzere woyamba.

"Dzina la phungu wanu?"

"A Kamphonje. Mwina mwatopa nawo kale kuwalemba."

A Matekenya adayendetsa chala pa mndandanda wa maina. "Kamphonje, Kamphonje... Awa. Atatu."

"Mabuku atatu?" Ezelina adayamba kutsegula kukamwa kwa thumba.

"Mizere itatu, mayi."

Mzere woyamba udali wa chaka choyamba. Phungu wina atadandaula kuti mipando ya m'Nyumba ndi yolimba, Olemekezeka a Kamphonje adati, "Zoona!" Mzere wachiwiri udali wa chaka chachitatu, ndipo apa adayankhula mosabisa: "A Sipikala, chopemerera mphepochi chikundiwomba m'khosi." Mzere wachitatu udali wovomereza ganizo loti Nyumba ipume msanga chakudya chisadazizire.

Ezelina adafunsa mwaulemu ngati mwina alembi ankalephera kumva chifukwa cha kukuwa.

"Mayi inu, buku ili limalemba ndi kuyetsemula komwe," adatero a Matekenya monyadira. "Onani apa. Phungu wina adagona n'kugwa pampando, tidalemba, ndi nthawi yake yomwe."

Adatembenukira ku mabuku a Komiti Yoona za Uchembere Wabwino. Komitiyi idali yakhama zedi: idakumana kokwana makumi awiri ndi kasanu ndi kamodzi, nthawi zonse ku hotela yakutali kumene munthu amaganiza bwino. Msonkhano uliwonse unkatsegulidwa ndi pemphero. Ukatero ankawerenga zimene adakambirana pa msonkhano wapitawo, n'kusankha hotela ya msonkhano wotsatira, n'kutseka ndi pemphero. Mawu oti chipatala adapezeka kamodzi kokha, tsiku limene komiti idagwirizana zosiya hotela ina chifukwa idali pafupi ndi chipatala ndipo kulira kwa ambulansi kunkasokoneza zokambirana.

Dzina la mudzi adalifunafuna awiriwiri mpaka zala zidada ndi fumbi. Silidapezeke.

Ezelina adabwerera kumudzi ndi pepala limodzi m'thumba lokwana makilo makumi asanu. Akuluakulu adanena kale kuti kandimverere adakanena za m'maluwa, koma sadanene za kandiyankhulire.

Loweruka lotsatira lidali tsiku la mandimu. Anthu atafola ndi malichero awo, Ezelina adaimirira n'kuwerenga mizere itatu ija. Sidatenge nthawi. Atamaliza, anthu adadikirabe, poganiza kuti akupuma.

"Basi, zatha," adatero.

A Gelesomu, mkulu wa mpingo amenenso adali ndi ming'oma yambiri ya njuchi, adakwiya. "Iwe mwana, khosi lasasa chonchi ukuliona ndi maso, ndiye ukakhulupirire pepala? Ukufuna kunena kuti uchi wanga wonse uja unkangopita m'tiyi?"

Palibe amene adafuna kuti zikhale choncho, pakuti aliyense adaperekapo kanthu. Maso onse adatembenukira kwa aphungu. Iwo adasisita mpango wawo, womwe adasoka Ezelina yemweyo, n'kunong'ona kuti, "Ndikayankha ku Nyumba."

Ndipo pa malonjezo awo onse, ili lokha adalisunga.

Lachitatu masana, mimba ya Felesiya idawawa. Mwamuna wake Yotamu adamanga ng'ombe, ndipo Ezelina adakwera nawo pa ngolo atanyamula sizasi yake ndi nsalu yofunda imene adasungira mpango wotsatira wa aphungu. Wailesi ya Yotamu idali lende pa thabwa la kutsogolo. Atangolowa m'dambo, mawilo akumira, m'wailesimo mudabangula mkango.

"A Sipikala! Ulemu wa Nyumba ino uli pachiswe!"

Yotamu adatsala pang'ono kugwa. "Alamu, si aphungu athu awa?"

Adalidi iwo, mawu ali bwinobwino ngati a kampeni. Adayankhula maola awiri osamwa ndi madzi omwe. Adati mabuku opatulika a Nyumba akugwiridwagwiridwa ndi zala za anthu wamba. Adati mzimayi wina wa m'mudzi wakutiwakuti, ndipo adatchula dzina lake ndi la mudziwo, adalowa m'chipinda cha pansi ponamizira kufuna chipatala. Adapempha kuti chipindacho chitsekedwe ndi loko, ndipo wofuna kuwerenga azipempha chilolezo ku komiti yatsopano, imene iwo adali okonzeka kuitsogolera ngakhale kuti thanzi lawo ndi lofooka.

Kumudzi nthungululu zidamveka mpaka kudambo. Kwa nthawi yoyamba chikhalire, mudzi wawo udatchulidwa pa wailesi.

"Achemwali, zimitsani chinthucho," Felesiya adabuula.

"Kankha, iwe! Aphungu akuyankhula, nawe kankha!"

Pamene Nyumba yonse inkakuwa kuti "Zoona! Zoona!", pa ngolo padamveka kulira kwina, kwakung'ono koma kwaukali. Ezelina adadula mchombo ndi sizasi yosokera, n'kukulunga mwanayo m'nsalu ya khosi la Olemekezeka. Adali wamkazi, wamoyo. Atatuluka m'chikuta adamutcha Zoona, dzina la chinthu chokhacho chimene phungu wawo adawabweretsera m'chaka choyamba.

Ezelina sadachedwe kubwerera kuboma. "Bwana, munamva nokha. Mudzi wathu ndi chipatala zatchulidwa m'Nyumba, mu mpweya umodzi."

"Ndinamva, mayi, ndipo ndakondwa nanu," adatero mkulu wa zaumoyo. "Tsamba lili kuti?"

Tsambalo lidalipo ndithu. A Matekenya adalilemba bwino, dzina la Ezelina likuonekamo ka makumi anayi, kuposa momwe la aphungu lidaonekera pa zaka zinayi. Koma pa chitseko padali loko watsopano, ndipo a Matekenya adakhala panja pa benchi atafukata buku la alendo lokhala ndi dzina limodzi.

Choncho Ezelina adalemba kalata yopempha chilolezo, n'kudikira tsiku la mandimu kuti aipereke m'manja mwa Wapampando wa Komiti Yoteteza Mabuku kwa Owerenga. Ulendo uno aphungu adatsika m'galimoto mawu atasasadi, ndipo a Gelesomu adabweretsa uchi wa mabotolo awiri poyang'ana Ezelina ndi diso lachipambano.

Olemekezeka adalandira kalatayo ndi manja awiri, n'kuipinda bwino, n'kuiika m'thumba la jekete.

"Usadandaule, mwana wanga," adanong'ona. "Ndikakuyankhulira ku Nyumba."