Lona Loyala Pansi ndi Alendo a Mikanjo Yoyera

Mpaka lero mlongo wanga Lusiya akafuna kundichepetsa pagulu salankhula zambiri. Amangokweza mphuno ngati akununkhiza chinachake, ndipo abale onse amayamba kuseka. Poti nkhaniyi anthu akhala akuikamba mothira mchere, bola ndiikambe ndekha mwini wake.

Zinachitika chaka chomwe tinabwerera ku Mecanhelas kuchokera ku Malawi, nkhondo itatha. Tinabwera ine, mkazi wanga mayi a Zefa ndi khanda kumbuyo, komanso Lusiya. Makolo athu tinawasiya m'manda kutsidya kwa malire. Pomwe panali nyumba ya bambo tinapezapo chulu basi. Choncho tinakhoma tenti yomwe anatipatsa pobwera, kutsogolo kwake n'kumangako kakhonde ka nsalu pa nsungwi, kuti tizikhalamo podikira mvula ithe tiumbe zidina.

Sipanapite nthawi, Lusiya anagwirizana ndi Amidu, mnyamata wa kunyanja ya Chiuta yemwe ankadutsa pathu ndi nsomba panjinga. Kenako uthenga unafika: malume ake a Amidu, Che Saidi, abwera ndi anzawo kudzafunsira mbeta. Ine ndiye ndinali bambo, malume komanso nkhoswe, zonse pamutu umodzi. Mtima unandiuza kuti anthu amenewa sanathawe nkhondo, ali ndi nyumba zawo ndi mabwato awo, asadzapite akunena kuti obwerawa akukhala pamatope ngati achule. Ndipo zoona pansi pa tenti panali ponyowa, mphasa zathu zinali zitachita nkhungu. Pankafunika lona loyala pansi.

Ndikukwera njinga kupita kumsika, mayi a Zefa anandiuza mawu amodzi okha: "Bambo a Zefa, mukanunkhize kaye musanagule."

Ndinavomera. Chomwe sindinawakumbutse n'choti sabata imeneyo ndinali ndi chimfine choti ngakhale mukanandiwotchera tsabola pamphuno sindikanamva kanthu.

Kumsika ndinapeza bambo wina ali ndi malona awiri. Lina linali labuluu, latsopano, koma lopyapyala ngati tsamba la nthochi. Linalo linali lobiriwira, lokhuthala, lalikulu moti kulinyamula kunkafuna anthu awiri. Ndinalinunkhiza mwaulemu wake, monga ndinalonjezera, ndipo sindinamve kanthu.

"Kale linkagwira ntchito yanji limeneli?" ndinafunsa.

"Ntchito zosiyanasiyana, bambo," anayankha akuyang'ana kumbali.

(Munthu akakuyankhani choncho, kwerani njinga muzipita.)

Ine ndinalimanga pakaliyala. Panjira ndinaona ntchentche zikundiperekeza ndipo agalu awiri ananditsata mpaka kudambo, koma ndinkangoti ndi nyengo yake. Nditafika, mayi a Zefa anatuluka, n'kuima, n'kukokera kapulana, chitenje chawo, kumphuno.

"Mwagula lona kapena mwagula nyanja yonse?"

Lusiya anangondiyang'ana ndi maso a munthu amene akuona ukwati wake ukumira.

Ndinawauza kuti asade nkhawa, chakuda chilichonse chimachapika. Ndinalikokera kumtsinje n'kulikwecha ndi mchenga ndi zitsononkho mpaka msana unauma. Litauma, mayi a Zefa anati tsopano likununkha nsomba zosamba. Ndinapita kukantini kukagula sopo (wogulitsayo anandiseka kaye, nati kuno timati sabau, sopo munamusiya ku Malawi), ndipo mtanda wonse unathera pa lonalo. Fungo silinasunthe. Ndinayesa phulusa. Ndinayesa mandimu, mpaka manja anachita matuza.

Apa m'pamene anatulukira a Jowakimu, oyandikana nafe, munthu wabwino mtima amene sanasowepo yankho pa funso lililonse.

"Inu mukuvutikiranji? Petroliyo! Mafuta a nyale amachotsa chilichonse."

Ndinakhuthula nyale yathu n'kupaka lona lonse ndi kansanza. Malinga ndi akumva fungo, zotsatira zake zinali ngati mlamba womwe wafera m'nyale. Tsiku la alendo linali litafika. M'mamawa ndinabwereka sabau wina kwa akazi a a Jowakimu, n'kupaka mothamanga. Nthawi yotsukuluza bwino panalibe. Ndinangowaza madzi pang'ono, n'kuliyanika, ndipo litauma linkawala mochititsa kaso.

Poliyala, linakwana tenti yonse ndi khonde lomwe, n'kutsalako mbali zonse, kutulukira panja.

"Pindirani mkati m'mbalimo," anatero mayi a Zefa.

"Ayi, lisiyeni. Alendo aone kuti lona lathu n'lalikulu."

Dzuwa litakwera, anafika azibambo atatu, onse atavala mikanjo yoyera mbee ndi zisoti zawo. Che Saidi anali wamkulu wa ndevu zaimvi, woyankhula mofatsa. Anavula nsapato, n'kukhala pa lona langa. Tinalonjerana, tinafunsana za kumudzi, za mvula, za ulendo wathu wobwerera. Zonse zinkayenda bwino moti ndinayamba kudzitama mumtima.

Kenako tenti inatentha, ndipo lona linadzuka. Mwa masiku onse, chimfine changa chinasankha nthawi yomweyo kuti chitseguke. Abale anga, ndinamva zomwe anzanga anakhala akumva sabata yonse, ndipo misozi inalengeza. Ntchentche zinalowa ngati zaitanidwa. Mphaka wa a Jowakimu anabwera n'kuyamba kunyambita pansi, pafupi ndi phazi la Che Saidi. Alendowo anali anthu aulemu, palibe anagwira mphuno. Mmodzi yekha ndiye ankapuma ndi pakamwa. Ine ndinangokweza mawu, kuyamikira Lusiya kuti ndi mwana waukhondo, woleredwa pakhomo laukhondo.

Ndili pakati pa mawu amenewo, kunja kunada ndipo mvula inayamba. Poyamba ndinasangalala kuti kuzizira kugonetsa fungo. Koma madzi otsika padenga la tenti ankagwera pa mbali zija ndinazisiya panja, ndipo lona, pokhala losabooka monga ndinafunira, linawalandira onse n'kuwalowetsa mkati. Anayenderera mpaka pakati, pamalo otsika, pomwe panakhala alendo. Sabau uja sindinatsukuluze anayamba kuchita thovu.

Che Saidi anasuntha pang'ono. Mnzawo anakweza mkanjo, koma unali utasanduka kale wobiriwira kumbuyo.

"Pepani, akuluakulu, ndikonza pompano," ndinatero ndikudzuka mwachangu.

Phazi loyamba linaponda thovu. Lachiwiri silinapeze n'komwe pansi. Ndinaterereka chagada kudutsa pakati pa alendo, mapazi patsogolo, kulowera kukhonde, ndipo pofuna kudzipulumutsa ndinagwira nsungwi. Nsungwiyo inabwera nane. Khonde lonse, ndi madzi omwe linasunga, linagwa n'kukoka tenti, ndipo tonse anayi tinafundidwa.

Kunja ndinkamva Lusiya akulira. Ndinagona pomwepo m'thovu, ndikuganiza kuti bambo akanakhala moyo sizikanatere, kuti mwana wamasiyeyu ndamuwonongera mwayi wake ndi manja anga.

Ndiye mumdima wa pansi pa nsaluyo munamveka mawu a Che Saidi, ofatsa ngati kale.

"Achimwene, lonali munalipeza kuti?"

Ndinawauza.

"Pakona ina lili ndi chigamba chosokedwa ndi ulusi wa ukonde?"

"Lili nacho."

Anayamba kuseka, kuseka kochokera m'mimba, mpaka nsalu inkagwedezeka. "Ndi langa limeneli! Nkhondo yonse ndinkafundikira nalo matemba ndi milamba. Mayi akunyumba anati ndisankhe, iwo kapena lona, ndiye ndinakalitaya kubango. Lero landitsata mpaka kuno!"

Mayi a Zefa ndi a Jowakimu anatifukula. Nkhani ya ukwati tinakaimalizira pakhonde pa a Jowakimu, akuluakulu atatu aja atafunda makapulana a maluwa, mikanjo ili pachingwe. Che Saidi anaitana Lusiya, maso ake akadali ofiira.

"Mwanawe, usalire. Munthu amene walimbana ndi lona langa sabata yathunthu chifukwa cha mlongo wake, ameneyo ndi nkhoswe. Walephera, inde, koma ngakhale ine linandikanika."

Potsanzika anandikokera pambali n'kundiuza kuti lona loyala pansi lizichepa pang'ono kuposa tenti, kuti mvula isalipeze.

Mawuwo ndinawasunga. M'mawa mwake ndinanola mpeni n'kudula mbali imodzi. Inakhota. Ndinadula inayo kuti zifanane, nayonso inakhota. Ndinabwerera ku yoyamba ija. Mayi a Zefa anandipempha kuti ndiyeze kaye ndi chingwe, ine ndinati diso langa ndi chingwe chokwanira. Pomwe ndimaika mpeni pansi, chomwe chinatsala chinali kachidutswa kongokwana kukhalapo munthu mmodzi, ndipo kankanunkhabe ngati lona lonse.

Mayi a Zefa anakanyamula ndi zala ziwiri, n'kukayang'ana mbali zonse.

"Apa ndiye mwamvera, bambo a Zefa," anatero. "Lachepadi kuposa tenti."